Charles Bronson: mmene munthu wa mu mgodi wa malasha anasandukira chiphona cha mafilimu atakula kale

Mukalemba dzina loti Charles Bronson pa Google masiku ano pamatuluka anthu awiri, nde achinyamata ambiri akusokoneza. Wina ndi mkaidi wa ku Britain wa mpala ndi ndevu zopotana, dzina lake lenileni ndi Michael Peterson, anamangidwa koyamba mu 1974 ndipo filimu ya moyo wake anaisewera Tom Hardy mu 2008. Ameneyo dzinalo anachita kubwereka. Mwini wake weniweni ndi mkulu wa ku America uja wa maso ang'onoang'ono, kandevu kapamlomo ndi nkhope yooneka ngati sanasekepo chibadwire, amene anamwalira mu 2003. Ena amamudziwa ndi filimu ya Death Wish basi, makamaka pomwe Bruce Willis anaibwereza mu 2018, nkumaganiza kuti anali ngati Chuck Norris kapena Van Damme, anthu a karate. Ayi ndithu, Bronson sanali wa karate, sanalinso wa minofu ya ku jimu ngati Schwarzenegger. Ndi wa m'badwo wa m'mbuyo, ndipo nkhani yake imathandiza kumvetsa mmene bizinesi ya mafilimu imapangira munthu kukhala chiphona, kenako nkumutsekera momwemo mpaka kukalamba.

Kodi chiphona cha mu filimu ndi ndani kwenikweni

Ku Hollywood kuli mtundu wa ekitala amene azungu amati tough guy, kutanthauza mwamuna wolimba mtima, wosaopa, woyankhula pang'ono, amene mavuto amawathetsa ndi chibakera kapena mfuti. Mtundu umenewu unayamba kale, mu 1931 James Cagney ndi Edward G. Robinson anatchuka posewera zigawenga za mu town, kenako kunabwera Humphrey Bogart, John Wayne ndi mahatchi ake, Lee Marvin ndi ena. Chomwe chimagulitsa anthu amenewa si kusintha sintha ayi. Ekitala wina amayamikiridwa chifukwa lero ndi dokotala mawa ndi wamisala ndipo simungamuzindikire, koma chiphona anthu amalipira kuti akaone munthu yemwe yemweyo, mayendedwe omwewo, kayang'anidwe komweko, nkhani yokha ndi imene yasinthako pang'ono.

Apa pakubwera mawu ena oti typecasting, ndiko kuti opanga mafilimu akakuona kuti mbali yakuti umaitha, amangokupatsa yomweyo yomweyo mpaka kuiwala kuti ungathe zina. Kwa Bronson zinachitika kawiri. Koyamba zinamutsekereza pansi zaka pafupifupi 17, kachiwiri zinamulemeretsa koma nkumumanga.

Kumene anachokera

Anabadwa pa 3 Novembala 1921 ku Ehrenfeld, kamudzi ka migodi ya malasha mu Pennsylvania, dzina lake linali Charles Buchinsky. Banja lawo linali lochokera ku Lithuania ndipo iye anali wa nambala 11 mwa ana 15. Bambo ake anamwalira iye akadali mwana, nayenso analowa mu mgodi momwemo. Mwini wake ankakamba kuti amalandira dola imodzi pa tani ya malasha, komanso kuti umphawi unafika poti nthawi ina anapita ku sukulu atavala diresi ya mchemwali wake. Mu 1943 analowa usilikali, anali woombera mfuti mu ndege za B-29 zomwe zimanyamuka pa chilumba cha Guam kukaphulitsa ku Japan, ndipo analandira mendulo ya Purple Heart yomwe amapatsa asilikali ovulala ku nkhondo.

Nkhondo itatha anayamba ndi zojambula, nkulowa gulu la zisudzo ku Philadelphia komwe amapenta zapasiteji, kenako anaphunzira kusewera ku Pasadena Playhouse ku California. Filimu yake yoyamba ndi You're in the Navy Now ya 1951, dzina lake silinalembedwe nkomwe. Mu House of Wax ya 1953 anasewera Igor, wantchito wosayankhula wa Vincent Price. Tangoganizani, mbali yoyamba imene anthu anamuzindikira nayo inali yopanda mawu ndi amodzi omwe.

Mu 1954 anasintha dzina kukhala Bronson. Imeneyi inali nthawi ya Senator McCarthy pomwe America imasakasaka anthu a chikomyunizimu, ndipo ku Hollywood anthu ambiri anachotsedwa ntchito pongoganiziridwa chabe. Dzina lomveka ngati la ku Russia linali katundu wolemetsa, nde ejenti wake anamulangiza kuti alisiye.

Zaka zokhala pambali pa ena

Vuto la Bronson linali nkhope. Hollywood ya nthawi imeneyo mwamuna wotsogolera filimu imafuna wamtali, wosalala, woti atsikana amukonde, pomwe iye anali wamfupi ndithu, wa nkhope ya makwinya ngakhale akadali mnyamata, Chingerezi chakenso chimamveka cha ku mgodi. Ndiye amamupatsa mbali za anthu a mitundu ina, mu Drum Beat ya 1954 anali mtsogoleri wa a Modoc, amwenye a ku America, mu Run of the Arrow ya 1957 anali mfumu ya a Sioux, pena chigawenga, pena msilikali wamba. Roger Corman, mkulu wodziwika ndi mafilimu otchipa ojambulidwa m'masiku owerengeka, ndi amene anamupatsa mbali yotsogolera mu Machine-Gun Kelly mu 1958, komanso Bronson anali ndi pulogalamu ya pa TV yotchedwa Man with a Camera kuyambira 1958 mpaka 1960. Koma zonsezi sizinamukweze kwenikweni.

Kenako anapezeka mu mafilimu atatu akuluakulu omwe mpaka lero anthu amaonerabe, koma monsemo anali m'gulu, osati patsogolo. Mu The Magnificent Seven ya 1960, yomwe John Sturges anaitengera ku Seven Samurai ya Akira Kurosawa, anali Bernardo O'Reilly, uja wokondedwa ndi ana a m'mudzi, koma maina akulu anali Yul Brynner ndi Steve McQueen. Mu The Great Escape ya 1963 anali Danny, mkaidi wa nkhondo wa ku Poland wokumba njira zapansi koma woopa malo opanikiza, ndipo apa sanavutike kuyerekeza chifukwa mantha amenewo anali nawo yekha kuchokera ku mgodi kuja. Kwa ine imeneyi ndi imodzi mwa mbali zomwe anasewera bwino kwambiri, mumaona mwamuna wa mphamvu akunjenjemera thukuta lili kamukamu. Mu The Dirty Dozen ya 1967 anali Wladislaw, yekhayo mwa akaidi 12 otumidwa ku nkhondo amene anatuluka wamoyo, koma filimu inali ya Lee Marvin.

Pofika 1967 anali ndi zaka 45, aliyense amaidziwa nkhope yake koma dzina ambiri samalidziwa. Anzake omwe anali nawo limodzi, McQueen ndi James Coburn, anali atapita kale patsogolo.

Chifukwa chake Ulaya ndi amene anamukweza

Apa nde pamene pali nkhani yeniyeni. M'zaka za m'ma 1960 ku Italy ndi ku France amapanga mafilimu ambiri ophatikiza ndalama za mayiko awiri kapena atatu, ndipo dziko lililonse loikamo ndalama limafuna ekitala wake aonekemo. Ndiye mu filimu imodzi mumapezeka Mtaliyana, Mfalansa, Mjeremani ndi wa ku America, ndipo ku Italy makamaka sankajambula mawu pa malo ojambulira ayi, aliyense amayankhula chilankhulo chake ndipo mawu amadzaikidwa pambuyo mu situdiyo. Kumeneku ndi kumene amati dubbing, kuchotsa mawu enieni a ekitala nkuikapo a munthu wina m'chilankhulo cha dziko lomwe filimu ikukagulitsidwa.

Taganizani tsopano kuti ndi ekitala wanji amene amapindula pa dongosolo limeneli. Amene luso lake lili pakamwa, nthabwala ndi mawu okoma, theka la luso lake limatayika akamuika mawu a munthu wina. Koma amene luso lake lili pa nkhope ndi thupi sataya kanthu. Bronson kuyang'ana kwake ndi komweko kaya filimu ili mu Chitaliyana, Chijapani kapena Chiarabu. Chimene Hollywood imachiona ngati chilema chinasanduka katundu wogulitsika paliponse.

Sergio Leone anamufuna kale mu 1964 pa A Fistful of Dollars koma Bronson anakana ataona sikiripiti, mbaliyo inapita kwa Clint Eastwood amene anatchuka nayo. Mu 1968 Bronson anavomera zinthu ziwiri. Yoyamba inali Adieu l'ami ya ku France limodzi ndi Alain Delon, yomwe inagulitsa kwambiri kumeneko. Yachiwiri inali Once Upon a Time in the West ya Leone yemwe uja, momwe anasewera mlendo wopanda dzina woimba kachitoliro kapakamwa ka harmonica, akusaka Henry Fonda amene anapha mchimwene wake. Leone ankakonda kuika kamera pafupi kwambiri ndi maso a munthu nkuisiya pamenepo nthawi yaitali nyimbo ya Ennio Morricone ikulira, ndipo nkhope ya Bronson inali ngati anaipangira zimenezo. Ku America filimuyi anaidula ndipo sinayende bwino, koma ku France ndi ku Germany anthu anakhamukira, ku Paris inakhala ikuonetsedwa kwa zaka.

Zitatero zinangotsatana. Rider on the Rain ya René Clément mu 1970 inapata mphoto ya Golden Globe ya filimu yakunja. Red Sun ya 1971 inali chitsanzo chenicheni cha bizinesi ija, Bronson wa ku America, Toshiro Mifune wa ku Japan, Delon wa ku France ndi Ursula Andress wa ku Switzerland onse mu filimu imodzi, aliyense akukoka msika wake. Ku Japan anatchukanso ndi zotsatsa malonda za mafuta onunkhira a amuna otchedwa Mandom, zomwe zinagulitsa mpaka kampaniyo inasintha dzina lake kukhala Mandom. Ku Italy ankamutchula kuti Il Brutto, wosaoneka bwino uja, koma mwachikondi. Mu 1972 analandira mphoto ya Golden Globe ya ekitala wokondedwa pa dziko lonse limodzi ndi Sean Connery, pomwe kwawo ku America anthu ambiri anali akumuonabe ngati uja wa pambali pa Steve McQueen.

Mu 1968 muja anakwatira Jill Ireland wa ku Britain, amene poyamba anali mkazi wa David McCallum, mnzake wa mu The Great Escape. Kuyambira pamenepo mayiwa amapezeka mu mafilimu ake ambiri, pafupifupi 15, ndipo banja lonse ndi ana limayenda naye kulikonse kokajambula.

Death Wish ndi mkangano wake

Kuti mumvetse chifukwa chake filimu ngati imeneyi inatheka mu 1974 koma sikanatheka mu 1954, muyenera kudziwa za malamulo. Kuyambira 1934 Hollywood inali ndi malamulo okhwima otchedwa Production Code, omwe mwa zina ankati wophwanya lamulo asapulumuke kumapeto kwa filimu, ayenera kufa kapena kumangidwa. Mu 1968 malamulowa anathetsedwa nkubweretsa dongosolo longoika zilembo zosonyeza msinkhu woyenera kuonera. Khomo linatseguka, magazi anayamba kuoneka, ndipo Dirty Harry ya Eastwood mu 1971 inasonyeza kuti anthu ali ndi njala ya munthu wosasamala malamulo polimbana ndi zigawenga. Nthawi yomweyo umbanda mu mizinda ya America unali utakwera, New York inali pa mavuto a ndalama moti mu 1975 inatsala pang'ono kugwa.

Bronson anali atagwira kale ntchito ndi dayirekita wa ku Britain Michael Winner pa Chato's Land, The Mechanic ndi The Stone Killer. Death Wish, yomwe inatuluka mu Julaye 1974 iye ali ndi zaka 52, inachokera ku buku la Brian Garfield la 1972. Nkhani yake ndi ya Paul Kersey, katswiri wojambula mapulani a nyumba ku New York, munthu wofatsa amene pa nkhondo ya ku Korea anakana kugwira mfuti. Achifwamba alowa mnyumba mwake, apha mkazi wake nkugwiririra mwana wake wamkazi, apolisi sakupeza aliyense. Atapita ku Tucson pa ntchito kasitomala amupatsa mfuti ngati mphatso, nde akabwerera ayamba kuyenda usiku m'mapaki ndi m'sitima zapansi kudikira akuba kuti amuputa, iye nkuwaombera. Mafilimu otere amawatcha a vigilante, munthu wamba wodzipatsa yekha ntchito ya wapolisi, woweruza ndi wonyonga.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaiwala. Kersey sawapeza anthu omwe anapha mkazi wake, mmodzi mwa iwo anali Jeff Goldblum pa filimu yake yoyamba, onse amene akuwapha ndi ena ongokumana nawo. Chachiwiri, apolisi atamudziwa samumanga, amangomuuza kuti achoke mu mzindawo chifukwa umbanda watsika ndipo akuluakulu sakufuna kumusandutsa ngwazi. Apa nde panagona mkangano. Otsutsa, kuphatikizapo olemba ambiri a nyuzi ku New York, anati filimuyi ikulimbikitsa anthu kupha anzawo popanda khoti ndipo ikusewera ndi mantha a anthu. Garfield mwini buku naye sanasangalale, iye cholinga chake chinali kusonyeza munthu amene mutu ukusokonekera, osati ngwazi, mpaka analemba buku lachiwiri Death Sentence mu 1975 pofuna kuwongola. Oikira kumbuyo anati filimu sinayambitse mantha, inangoonetsa zomwe anthu okwera sitima usiku amamva kale, ndipo kuonera sikupha. M'masinema anthu ankaomba m'manja Kersey akaombera. Mu Disembala 1984 Bernhard Goetz ataombera anyamata anayi mu sitima yapansi ku New York, nyuzi zinathamangira kumufanizira ndi filimu yomweyi ndipo mkangano unayambiranso.

Pa ndalama zokha panalibe mkangano. Bronson anafika polandira pafupifupi madola 1 miliyoni pa filimu imodzi, mmodzi mwa olipidwa kwambiri nthawi imeneyo.

Anayesako zina

Si zoona kuti amangodziwa mfuti. Mr. Majestyk ya 1974, yolembedwa ndi Elmore Leonard, anali mlimi wa mavwende wongofuna kukolola mbewu zake. Hard Times ya 1975, filimu yoyamba ya Walter Hill, anali womenya nkhonya za mumsewu ku New Orleans nthawi ya umphawi wa m'ma 1930, ali ndi zaka zoposa 50 koma thupi lili gwa, ndipo ambiri odziwa mafilimu amati imeneyi ndi imene anaonetsa luso lake lonse, ine ndimavomereza. From Noon till Three ya 1976 inali yoseketsa, yonyoza mbiri ya ngwazi, koma anthu sanaikonde. Anaseweranso Dan Shomron, mkulu wa asilikali a Israel, mu Raid on Entebbe yokamba zomwe zinachitika ku Uganda mu 1976, Yaphet Kotto ali Idi Amin. Koma msika unali utanena kale chimene ukufuna. Akagwira mfuti ndalama zimabwera, akaisiya anthu amakhala kunyumba.

Cannon, matepi a vidiyo ndi kugulitsa filimu isanajambulidwe

Gawo lomaliza la ntchito yake silingamveke popanda kampani ya Cannon, yomwe Menahem Golan ndi msuweni wake Yoram Globus ochokera ku Israel anaigula mu 1979. Anthu awiriwa anali akatswiri a njira yotchedwa pre-sales. Amapita ku msika wa mafilimu ku Cannes ndi posita yokha, pali dzina la filimu ndi nkhope ya ekitala, nkugulitsa ufulu woionetsa ku Germany, ku Japan, ku Brazil, komanso ufulu wa matepi a vidiyo, filimuyo isanajambulidwe, pena sikiripiti isanalembedwe nkomwe. Ndalama za mapangano amenewo ndi zomwe amakatengera ngongole ku banki nkujambulira. Zili ngati mlimi wogulitsa chimanga chikadali chachiwisi m'munda, ndalama walandira kale, nde chomwe chatsala nkungopereka matumba omwe analonjeza, kaya chimangacho chacha bwino kaya ayi.

Wogula wa ku Tokyo kapena ku Madrid amene sanaone filimu amadalira chani? Dzina lomwe akudziwa kuti kwawo limagulitsa. Ndipo maina awiri omwe Cannon imadalira anali Charles Bronson ndi Chuck Norris. Apa mutha kuona msampha wake, wogulayo walipira Bronson wa mfuti, ndiye simungamupatse Bronson wa nthabwala. Nde kunabwera Death Wish II mu 1982, 10 to Midnight mu 1983, Death Wish 3 mu 1985, Murphy's Law mu 1986, Death Wish 4 mu 1987, Kinjite mu 1989, ambiri mwa iwo dayirekita ali J. Lee Thompson. Filimu iliyonse nkhanza zimaonjezekera nkhani nkumachepa. Pofika Death Wish 3, yomwe nkhani yake ndi ya ku New York koma mbali yaikulu anajambulira ku London pofuna kuchepetsa ndalama, Kersey wofatsa uja anali atasanduka gulu la nkhondo la munthu mmodzi, mdala wa zaka 63 akuthamangitsa zigawenga ndi mfuti ya chiwaya mpaka roketi. Ena amaikonda chifukwa cha kupusa kwake komweko, ena amati apa nde pamene ekitala wabwino anathera.

Matepi a VHS ndi amene anafikitsa mafilimu a mtundu umenewu kutali komwe kunalibe sinema. Kwathu kuno TV ya dziko inayamba mu 1999, ndiye zaka zambiri anthu mafilimu amaonera m'mavidiyo sho a pa msika, ndipo zomwe zimayenda kumeneko zinali za action zomwezi chifukwa chomwe chija chinamukweza Bronson ku Italy, sufunika kumva Chingerezi kuti udziwe amene walakwa ndi amene akubwezera. Koma kwa ambiri omwe anamupeza kudzera pa tepi, amene anamuona ndi mdala wa Cannon, osati wa Leone kapena wa Hard Times.

Cannon inadzagwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 itayamba kuthira ndalama zambiri mu mafilimu akuluakulu omwe sanabweze, monga Superman IV ndi Masters of the Universe za 1987. Jill Ireland anamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 1990. Chaka chotsatira Sean Penn anamupatsa Bronson kambali kakang'ono mu The Indian Runner, bambo wamasiye wosweka mtima, wopanda mfuti yobwezera komanso wopanda kandevu kaja, ndipo olemba za mafilimu omwe anakhala akumunyoza zaka 10 anamuyamikira. Komabe mu 1994 anabwereranso kwa Golan pa Death Wish V ali ndi zaka 72, imeneyi inali yomaliza ya mu sinema. Anamaliza ndi mafilimu atatu a pa TV a Family of Cops pakati pa 1995 ndi 1999, ndipo anamwalira ku Los Angeles pa 30 Ogasiti 2003 ali ndi zaka 81. Oscar sanapikisanepo nawo olo kamodzi.

Mafilimu a bambo wachikulire wobwezera sanathe naye ayi, Taken ya Liam Neeson mu 2008 ndi The Equalizer ya Denzel Washington mu 2014 akuyenda njira yomweyo, ndipo njira yogulitsa filimu ndi nkhope ya pa posita ndi imene inapangitsa Bruce Willis ndi Nicolas Cage kupezeka mu mafilimu ambirimbiri otchipa m'zaka zapitazi. Death Wish yatsopano ya Eli Roth anaisamutsira ku Chicago, Kersey anamusandutsa dokotala wa opaleshoni, ndipo ulendo uno amawapeza amene anapha mkazi wake. Inatuluka mu Malichi 2018, patangopita milungu iwiri ndi masiku ochepa chichitikireni zoombera ana a sukulu ku Parkland mu Florida, nde mafunso omwe anafunsidwa mu 1974 aja anafunsidwanso, ena akuti nthawi yake ndi yolakwika ndipo ikukometsa mfuti, ena akuti ndi filimu chabe.